Atisiya a Efulemu Chimbalanga, Mwini Nyimbo ya "Ndipatuke"

Kwa Mayi Edith Chimbalanga, ana awo Masozi ndi Calvin, abale onse a m'mudzi wa Mphanje ku Nathenje, ndi onse okonda nyimbo za malemuwa.

Ife a Bungwe la Oyimba a Banjo ndi Gitala la Mitundu ndi Nathenje talandira modzidzimuka komanso ndi chisoni chosaneneka uthenga wa imfa ya Bambo Efulemu Chimbalanga, mmodzi mwa amene anayambitsa bungwe lino, omwe atisiya Lachiwiri m'mawa ku chipatala cha Nkhoma atadwala chifuwa kwa nthawi ndithu. Zoti akudwala tinkazidziwa, inde, koma munthu amene ankatiseka anzakefe kuti takalamba, zala zayamba kutsalira pa waya, sitinaganizepo kuti ndiye angatitsogolere. Zatipweteka kwambiri.

Malemuwa anabadwira pa esiteti ya fodya kufupi ndi Malingunde, makolo awo ali matenanti ochokera ku Mulanje, ndipo banjo yawo yoyamba anaikhoma okha ndi chigubu cha mafuta ndi waya wa mabuleki a njinga. Kuchokera pamenepo anayimba m'misika ya Mitundu ndi Nathenje, m'maukwati, m'maliro, mpaka mawu awo anafika pa wailesi. Sankayimba za m'mutu. "Chigafa Chadontha" ndi nkhani ya bambo awo, amene fodya wawo anaolera m'chigafa mwini esiteti ali ku tauni. "Njinga ya Makala" anaipeka ataona mnzawo akukankha matumba kuchokera ku Dzalanyama, mapazi atang'ambika. Anaphunzitsa achinyamata ambiri kukunga waya ndi kupeka nyimbo, osawalipiritsa, koma kuwakalipira kokha ndiye sankaumira. Aliyense wa ife anamvapo mawu awo aja akuti, "Iwe, ukuyimba kapena ukuitana nkhuku?"

Koma pali nyimbo imodzi imene sitingaidumphe, chifukwa ndi imene inawatchukitsa, ndiponso ndi imene inalowetsa chisanu m'nyumba mwawo. Nonse mukuidziwa:

Ndikakuonani panjira ndipatuke,
nkhope yanu sindiiyang'ana,
dzina lanu sinditchula,
koma mtima wanga umagwada kwa inu.

Anthu atangoimva anagamula okha kuti ndi nyimbo ya chibwenzi cha mseri. Ena anati mkaziyo ndi wogulitsa tomato pa Mitundu, ena anati ndi mkazi wa kapitawo wa pa esiteti, ndipo panali ena olimba mtima amene ankalumbira kuti anamuona ndi maso. Ife amuna tinkaombera m'manja, koma amene anasenza manyazi ndi Mayi Edith. Pa mjigo amayi anzawo ankaiyamba dala iwo akangotula ndowa. Atawafunsa amuna awo kuti mkaziyo ndani, yankho linali limodzi lokha: "Mwini wake akuidziwa." Mayi aliyense angamve bwanji ndi yankho lotero? Anakhalabe pa banja, analera ana, koma nyimboyo anailetsa pakhomo pawo, ndipo uthenga wa imfa utangofika anatumiza mawu ku bungwe lino kuti tikayimbe zonse koma iyoyo ayi.

Sabata yatha ine wapampando ndi mlembi wathu, Bambo Isake Kamphinda, tinapita kukawazonda a Efulemu. Tinawapeza atafooka, koma pakamwa pali pomwepo. Anatiuza kuti tisendere pafupi, nati, "Anzanga, ija ndi nyimbo ya apongozi anga."

Ife tinayang'anana. A Isake anafunsa kuti, "Apongozi ake ati, achimwene? Malemu Gogo Felesiya?"

"Nanga ndinali ndi angati?" anatero, n'kuyamba kutsokomola.

Anatifotokozera kuti pamene ankalowa chikamwini ku Mphanje analibe kanthu koma banjo, ndipo atsibweni a akazi awo anaitanitsa msonkhano woti awathamangitse, ati munthu wa banjo sangadzaze nkhokwe. Amene anaimirira ndi Gogo Felesiya, amayi a Mayi Edith, nati, "Mwana wanga atadwala, amene anamunyamula panjinga mpaka ku Nkhoma ndi yemweyu. Mkamwiniyu sachoka." M'chaka cha njala chija, pamene m'mudzi anthu ankadya gaga, gogoyo ankafika m'mphepete mwa dimba limene a Efulemu ankalima, n'kuika mbale ya maungu pachitsa, n'kutsokomola kuti amveke, kenaka n'kubwerera osacheuka.

Inu nonse mukudziwa mwambo wathu. Mkamwini sayang'ana apongozi ake aakazi kumaso, sakhala nawo pamphasa imodzi, sawatchula dzina, ndipo akawaona akubwera panjira amapatukira kutchire. Nanga zikomo akanamunenera pati? Anamunenera mu nyimbo. Tsono anthu ataisandutsa ya chibwenzi, pakamwa panatsekeka zedi, chifukwa kunena kuti mkazi amene dziko lonse likumutcha chibwenzi ndi apongozi awo kukanakhala kuwavula gogoyo pagulu. Anasankha kuti dzina loipa likhale lawo. Chimene sanachione msanga n'chakuti mtolowo unkalemera kwambiri pamutu pa akazi awo, ndipo zaka zitapita anasowa poyambira. Anatipempha kuti, "Mukawauze amake Masozi. Ine ndikayamba, mawu amandithawa." Tinawalimbikitsa kuti adzanena okha akachira. Sanachire.

Dzulo tinakafika pa siwa, ndipo titapepesa tinapempha kuti tilankhule ndi Mayi Edith kuseri kwa nyumba, alongo awo alipo. Tinawafotokozera zonse monga tinazimvera. Anapotokola nsonga ya chitenje, kenaka anafunsa kuti, "Ndiye amayi ankadziwa?"

Tinati malemu anatiuza kuti ankadziwa.

"Mayo ine," anatero. "N'chifukwa chake ankaing'ung'udza posinja. Ine ndinkawakalipira, ndinkati amayi mukuyimba nyimbo ya mkazi mnzanga pakhomo panga. Iwo ankangoseka, n'kumapitiriza kusinja."

Analira kulira kumene sitinakumvepo chiyambire maliro ano, ndipo ife amuna akuluakulu tinalira nawo. Ndi iwo amene atilola kulemba zimenezi, ndipo anatiuza kuti tisasiyeko kanthu. Choncho kwa inu nonse amene munatchula mayina a akazi osalakwa, ndi inu amene munkaiyamba pa mjigo, sitikukuzengani mlandu pa tsiku lachisoni ngati lino; tikungopempha kuti mukabwera kudzapepesa, mupepese zonse.

M'malo mwa mamembala onse a bungwe lino, oyimba, ophunzira awo ndi mabanja athu, tikupereka chipepeso chochokera pansi pa mtima kwa inu Mayi Edith, amene mwataya mnzanu amene munapirira naye zambiri. Kwa inu Masozi ndi Calvin, amene mwataya bambo. Ndi kwa mudzi wonse wa Mphanje, umene wataya mkamwini amene unatsala pang'ono kumuthamangitsa. Mulungu akulimbitseni mitima, akupukuteni misozi, ndipo mzimu wa Bambo Efulemu Chimbalanga uuse mumtendere.

Mwambo woika m'manda uchitika mawa masana ku manda a Mphanje. Oyimba nonse mubwere ndi zoyimbira zanu zitakungidwa kale. Mayi Edith asintha mawu awo aja: akuti "Ndipatuke" iyimbidwe ponyamula bokosi, ndipo oyambitsa akhala iwo.

Lackson Chinkhota
Wapampando, Bungwe la Oyimba a Banjo ndi Gitala la Mitundu ndi Nathenje