Waya wa M'chifuwa cha Amayi

Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko. Kuno ku Nsaru tilipo, koma ine ndakwiya.

Madokotala akuti pomaliza opaleshoni ya mtima ya amayi adzalumikiza fupa la pachifuwa ndi waya. Atafunsa ngati zitsulo zimawatulutsa ziwengo, atsibweni, poti ndiwo eni mbumba, anathamangira kuyankha kuti, "Mlongo wangayu alibe zimenezo." Amayi, ndi ulemu wawo uja, anangowerama. Chonsecho wotchi munawatumizira ija inawatupitsa mkono mpaka zilonda.

Ndinaulula ndine. Tsopano awayeza kaye khungu asanasankhe waya, koma atsibweni akuti ndinawanyoza pagulu, ndikapepese. Sindipita.

Aimbireni foni, inu amakumverani. Muwafunse kuti wotchi ija tinangovula, nanga waya wa m'chifuwa akanavula ndani?

Ambuye akusungeni.

Ndine mlongo wanu,
Esinati