Laputopu ya Kalabu

Lolemba, 7 Julayi

Madamu a kompyuta alengeza kuti wopambana ntchito yomaliza atenga laputopu ya kalabu patchuthi. Kwathu kulibe kompyuta. Jekete, mnyamata wobwera temu ino uja, ali ndi ya achimwene ake, koma nayenso akuifuna.

Ntchito yomalizayo ndi kulemba templeti, ndiye kuti pulogalamu yosanja zinthu kuyambira chaching'ono kufika chachikulu. Izilandira chilichonse, koma pakhale lamulo loti kompaila, yomwe imayang'ana zimene talemba zisanayende, izikaniratu pakhomo zosasanjika.

Lachiwiri, 8 Julayi

Yanga ikukana chilichonse, ngakhale manambala. Ya Jekete yayenda kamodzi n'kamodzi. Madamu anaima kumbuyo kwake n'kuti, "Mwaona ukhondo wake?" Chaka chatha ankaima kumbuyo kwanga.

Lachitatu, 9 Julayi

Jekete atapita kukamwa madzi ndinasuzumira pasikilini yake. Lamulo lake likungofunsa ngati zinthu ziwiri zingafanane, osati ngati china chingachepe. Ndipo amayesera manambala ndi mawu okha, zimene akudziwa kuti zidutsa. Sanaipatseko choipa n'chimodzi chomwe.

Atabwerera anandigawira bisiketi. Ndinadya, osamuuza kanthu.

Lachinayi, 10 Julayi

Yanga yayamba kuyenda, koma ndi yonyansa ngati zingwe za kuseri kwa TV.

Lachisanu, 11 Julayi

Jekete ataonetsa yake, ndinakweza dzanja. "Madamu, ndingayeseko?"

Ndinaipatsa mitundu ya utoto. Wofiira ungafanane ndi wofiira, koma sungachepe kwa wobiriwira. Lamulo lake linaulowetsa bwinobwino. Kompaila inakaphulikira m'kati, madandaulo kudzaza sikilini. Wina kumbuyo anati, "Jekete yang'ambika." Kalasi inaseka. Ine mtima mbee.

Jekete sanakwiye. Anayandikitsa nkhope pasikilini n'kuti, "Aise, unaganiza bwanji zimenezi?"

Madamu anayesa utotowo pa yanga. Inakana ndi mzere umodzi. Ndinayamba kale kuganiza za pobisa laputopu kuti mng'ono wanga asaigwire.

"Nonse mwachita theka," anatero Madamu. "Iwe Jekete umadziwa kumanga, uyu amadziwa kuswa. Kwanu laputopu ilipo kale. Ya kalabuyi atenga mnzakoyu, koma pulogalamu yomwe tipititse ku mpikisano ndi yako. Iye azikuyesera."

Za mpikisano sindinkadziwa. Jekete ankadziwa, ndinaona pankhope.

Laputopu ili pabedi pano. Ndaitsegula. Fayilo yake Jekete anaiika kale m'kati, dzina lake pamwamba, ndipo pansi walemba kuti, "Uiswenso, aise."

Ndayamba.