Nyimbo ya Amayi Aipatsa Chiku

Beaumont Leys,
Leicester.

Okondedwa achemwali anga a Scholastica,

Pepani kuti ndikukuvutitsani ndi kalata pamene muli ndi zochita zambiri pakhomopo. Ndikanaimba foni, koma mumayankha ana atakuzungulirani, nthawi zina amayankha ndi alamu a Henderson. Nkhani iyi ndikufuna muwerenge muli nokha.

Kodi muli bwanji ku Balakako? Nanga alamu ndi ana? Mwendo wa abambo uja ukusintha? Ine ndili bwino, kungoti kuzizira kwayambanso. Ntchito yosamalira okalamba ndikugwirabe.

Achemwali, ndinakuuzani kuti ndinalowa kwaya, ndipo munasangalala kuti ndayamba kutuluka m'nyumba. Sindinakuuzeni kuti ndi kwaya yotani. Si ya kutchalitchi. Ndi ya akazi okonda akazi anzawo ndi amuna okonda amuna anzawo. Anandipititsako ndi Fiona, mtsikana wa ku Chipata amene ndimakhala naye nyumba imodzi uja. Fiona si mnzanga chabe. Ndimamukonda, nayenso amandikonda. Ndalemba, ndipo sindifufuta.

Timaphunzira nyimbo Lachitatu madzulo m'holo ina m'tauni. Tsiku loyamba ndinakhala pafupi ndi chitseko, jekete osavula. Bambo wina woyendetsa basi, a Munaf, anandipatsa tiyi n'kunena kuti mpando umenewo ndi wa ofuna kuthawa, iwonso anaukhalira mpaka unatha nsalu. Ndinaseka. Kumeneko palibe amene anandifunsapo kuti ndikwatiwa liti. Ndimaimba Fiona ali pambali panga, wina osatiyang'ana kawiri.

Mphunzitsi wathu, mzungu wina dzina lake a Bennet, anapempha kuti aliyense abweretse nyimbo ya kwawo, tidzaimbe pa konsati ya mu Disembala. Fiona anandiulula kuti ndimaimba potsuka mbale. Ndinachita manyazi, koma ndinawaimbira ija anapeka malemu amayi, ija ankaimba potiluka tsitsi Loweruka kuti tisalire. Mukukumbuka, iwo ankayambitsa, ife n'kumavomera misozi ili m'masaya. Anthu anaikonda. A Munaf anapukuta m'maso n'kunamizira chimfine.

Kenako a Bennet anandifunsa pamaso pa onse ngati ndingakhale woyambitsa. Ndinayankha monga anatilerera. Ndinawerama n'kunena kuti ayi, sindingathe, alipo odziwa kuposa ine. Ndinkadikira kuti andifunsenso, monga timachitira kwathu mlendo akakana chakudya. Sanafunsenso, achemwali. Anangoti palibe vuto, iwo sakakamiza munthu, n'kufunsa ngati pali wina. Chiku anakweza dzanja.

Chiku ndi mwana wa anesi ena a ku Malawi, anabadwira konkuno. Chichewa amamva koma amayankha m'Chingerezi. Amaseka mokweza, saopa munthu. Pa konsati amayi ake amakhala kutsogolo atanyamula maluwa, n'kumauza aliyense kuti uyo ndi mwana wanga. Ine ndimangowayang'ana. Ndipo mawu ake ndi abwino, sindinama. Akanakhala oipa bwenzi mtima wanga uli m'malo.

A Bennet anandipempha kuti ndimuphunzitse katchulidwe ka mawu. Ndinati ndili ndi mashifiti ambiri. Ndiye Fiona anadzipereka. Tsopano Chiku amabwera kunyumba kwathu, amamwera m'kapu yanga, ndipo amati Fiona ndi aphunzitsi ake.

Loweruka lapitali nditaweruka ndinapeza Chiku atakhala pansi pakati pa miyendo ya Fiona. Fiona ankamuluka tsitsi, onse akuimba nyimbo ya amayi. Akuti ankafuna kuti Chiku amve mmene nyimboyo inkaimbidwira. Achemwali, sindinapereke moni. Ndinalowa kuchipinda ndi nsapato zomwe, ndinatseka chitseko.

Chiku atapita, Fiona anandifunsa kuti nsanje yangayi ndi ya nyimbo kapena ya iye. Ndinati zonse. Anaseka, akuti mayi a nsanje abwera ndi katundu wawo yense. Ataona kuti ndikulira anasiya kuseka. Anati Chiku ali ndi wokondedwa wake m'tauni ya Derby, za tsitsi zija sadzachitanso. Koma pa za nyimbo sanandinyengerere. Akuti kuno munthu ukati ayi, anthu amamva ayi, ndipo nyimbo ndinaitaya ndekha, Chiku anangotola.

Lachitatu Chiku ananditsatira pokwerera basi. Analimbana ndi Chichewa mpaka anatuluka thukuta. Anati akudziwa kuti nyimboyi ndi ya amayi anga, ndikaifuna ndingonena, iye abwerera kumbuyo. Ndinkafuna ndimude, koma ndimuda bwanji munthu wotere? Ndinangoti zikomo, ndiganize kaye.

Chimene ndikuganizacho ndi ichi. Konsati amaijambula n'kuiika pa intaneti. Pali malo kumbali kumene kamera sifika, a anthu amene abale awo sakudziwa za iwo, ndipo ine ndimaima kumeneko nthawi zonse. Woyambitsa nyimbo sangaime kumeneko. Amaima kutsogolo, dzina lake n'kutchulidwa. Amayi a Chiku amabwera ndi anesi anzawo, ndipo ena ali ndi abale ku Balaka. Ndikaima kutsogolo, vidiyoyo ifika kumeneko ine ndisanakwere basi yobwerera kunyumba.

Ine ndili kutali. Amene mudzalozedwe chala kumsika ndi kutchalitchi ndi inu. Amene mudzayang'anizane ndi abambo ndi inu. Ndipo nyimboyi ndi yanunso, tinkalirira pa mphasa imodzi. N'chifukwa chake sindinapite kwa a Bennet ndisanakufunseni.

Mukati ndisayerekeze, ndimvera. Ndidzaima kumbali n'kumavomera Chiku akuyambitsa nyimbo ya amayi athu, ngakhale sindikudziwa ngati mawu adzatuluke. Mukati imba, ndipita ndekha kwa a Bennet, ndikanene ndi pakamwa panga kuti ndikuifuna. Sindinapemphepo chinthu chotere kwa munthu, koma ndikapempha.

Mundiperekere moni kwa alamu, kwa ana, ndi kwa azakhali a Lusubilo. Abambo muwauze kuti ndili bwino, zinazi musawauze kaye. Mulungu akusungeni nonse ndi kukupatsani mphamvu.

Chonde achemwali, yankhani msanga. Ngakhale mundikalipire, lembani, ndiwerenga. A Bennet akufuna kutsimikiza oyambitsa nyimbo onse mwezi uno usanathe, ndipo Lachitatu lililonse Chiku akuiimba bwino kuposa lapitalo.

Ndine mng'ono wanu,
Atuweni