Mtumbira wa Ennie

Lolemba, 6 Malichi 1978

Atate ake Ennie ayambanso nkhani ija. Mabwana awo a kunjanji awasamutsira ku Kabwe, nyumba ino tiipereke Loweruka. Ndawayankha zomwe zija: pitani nokha. Ennie wanga wagona m'manda a kuno ku Livingstone, dziko la eni, popanda agogo kapena azakhali pambali pake. Tsiku lomuika ndinalumbira anthu onse akumva kuti sindidzamusiya yekha.

“Perpetua, ufuna nikwatire manda?” atero. Madzi osamba atenthetsa okha.

Lachiwiri, 7 Malichi

Pamzere wa sopo mpaka miyendo kutupa, anyamata a chipani ali pakhosi ndi makadi awo. Sopo watha ndisanafike. Mfuti za nkhondo zikulira kutsidya kwa mtsinje, monga mwa masiku onse.

Lachitatu, 8 Malichi

Kumanda ndimapita Lamlungu ndikatuluka m'tchalitchi, koma lero mtima unandikoka. Ndapeza mayi wina atagwada pamtumbira wa mwana wanga, akuzula udzu ndi manja! Mtanda unadyedwa ndi chiswe kalekale, ine ndimazindikira malowo ndi chitsa cha pambali.

Ndinamukankha, sindibisa. Iye osabwezera, anangoti, “Amai, aya ni manda ya Yeta wanga. Nibwera lyonse pa Chitatu.” Ndi Mlozi, dzina lake Nakatindi, amagulitsa nsomba zouma kumsika wa Maramba. Nayenso chizindikiro chake ndi chitsa chomwecho.

Ine ndinkati udzu sukula pamenepa chifukwa Mulungu akundionera chisoni. Kupusa kwanga! Tinkapalira awiri.

Lachinayi, 9 Malichi

Tapita tonse kwa mkulu wokumba manda kuti atiweruze. Wakanda m'mutu. Akuti mvula ya chaka chatha inasalaza mbali yonse ya ana, iwo anangounjikanso dothi mongoganizira. “Kapena ni wanu, kapena ni wao, kapena mulibe muntu.” Wanena ngati akunena za mizere ya mbatata.

Ndasanza kuseri kwa mtengo. Ba Nakatindi anandigwira pamphumi, munthu amene ndinamukankha dzulo. Nyimbo zonse zija, nkhani zonse zija, ndinkauza yani? Ukwati wanga ndakhala ndikuuthyola chifukwa cha mulu wa dothi umene wina anaunjika akuthamangira kukaweruka.

Ndakwiyira mvula, chiswe, Mulungu amene.

Lachisanu, 10 Malichi

Atate ake Ennie amanga katundu wawo yekha, wanga sanakhudze. Koma m'thumba la jekete lawo la kuntchito ndaona kasokosi ka Ennie. Chilowereni m'manda mwanayo sanamutchulepo, ine n'kumati anaiwala.

Ndakhala pakhonde mpaka dzuwa kupendeka. Perpetua amene analumbira uja ankakhulupirira kuti dothi limakhala pamene walisiya. Dothilo linasamuka osanditsanzika, ine ndiye ndatsala ndikulondera. Nditaganiza zimenezi pachifuwa panapepuka, ndipo ndinachita nako manyazi kupepukako. Mayi wanji ine? Komabe ndadya mbale yonse, koyamba chaka chino.

Loweruka, 11 Malichi

M'mawa ndinapita ku Maramba ndi kakhasu kanga kopalira kumanda. Ndinakaika pathebulo la ba Nakatindi, pakati pa nsomba.

“Musazizula na manja,” ndinatero. “Koma mukapalira, muzitchula onse awiri.”

“Yeta na Ennie,” anatero, nakalowetsa pansi pa thebulo. Anandikulungira nsomba za panjira. Sitinalire.

Ndikulemba muno m'sitima, zilembo zikupindika. Atate ake Ennie sanandifunse kanthu, angondisiyira mpando wa pawindo. Mantha ndili nawo. Ku Kabwe ndikhoza kukadana nako, ndikhoza kudzabwerera, palibenso chimene ndalumbira.

Mawa ndi Lamlungu. Sindikudziwa kuti ndikatuluka m'tchalitchi ndidzalowera kuti.