Ndalama za Chiliza cha Bambo

Al Mankhool, Dubai
14 Ogasiti 2020

Okondedwa achemwali a Emeldah,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Kodi shuga wa amayi watsikako? Kuno Mulungu akusunga. Ku ofesi ya kampani yathu ya ndege ku Al Garhoud ndikumapita kawiri pa sabata, ndege zambiri zangoima.

Ndasankha kulemba chifukwa pa foni ndimangozungulira. Nkhani ndi ya ndalama za chiliza cha bambo, zimene tinasonkha ana tonse asanu n'kundisungitsa ine poti ndine akauntanti.

Mwambo utaimitsidwa chifukwa cha mliri, ndalamazo zinangokhala. Inu mukundidziwa ndi nkhawa zanga. Ndinkaopa kuti podzafika chaka chamawa sizidzagulanso simenti yomweyo. Mnzanga wa ku Kitwe, Godfrey, anandionetsa thumba lina la pa msika wa masheya ku Amereka, limene limapindula msika ukamagwa. Msika ukatsika phazi limodzi, ilo limakwera mapazi atatu. Anandifunsa kuti dziko lonse litatseka chonchi, msika ungakwere bwanji.

Mu Malichi ndinaikamo zonse. Sabata yoyamba zinachuluka, mpaka ndinayamba kufunsa mitengo ya mwala wa nsangalabwi. Kenako msika unayamba kukwera, anthu akumwalirabe. Ndinadikira kuti ugwenso. Chimene ndinawerenga koma osachilabadira n'chakuti thumba lotere ndi la munthu wogula lero n'kugulitsa lero lomwe. Ukalisunga miyezi limasungunuka ngati sopo woiwalidwa m'beseni. Dzulo ndinagulitsa. Pa magawo khumi atsala awiri.

Pali china chimene chikundichititsa manyazi. Masiku omwewo oyang'anira msika kumeneko ankafuna kuika lamulo loti munthu wamba asanagule matumba otere, azifunsidwa kaye ngati akumvetsa kuopsa kwake. Ine ndinawalembera kalata yotsutsa, masamba awiri a Chingerezi chakupsa, kuti munthu wophunzira asamatengedwe ngati mwana. Godfrey ataiwerenga anati khalas, ndiye kuti basi m'Chiarabu, atiopa amenewa.

Ndakhala ndikudzifunsa ngati lamulolo likanandiletsa. Sindikukhulupirira. Mafunso awo ndikanakhoza onse, mayeso sanandivutepo. Funso limene likanandigwira mwendo ndi lakuti ndalamazi n'zandani, nanga eni ake akudziwa? Koma limenelo si la boma la Amereka. Mukanandifunsa ndinu, ndipo n'chifukwa chake sindinakuuzeni.

Tsono ndili ndi zopempha. Mmisiri amene munapangana naye ku Balaka mumuuze asadule kaye mwala. Ndizitumiza ndalama kwa inu mwezi ndi mwezi, ngakhale malipiro anatidula, ndipo muzisunga ndinu. Ndawerengera kanayi, zidzakwana mu Julayi chaka chamawa.

Amayi musawauze, ndidzanena ndekha Lamlungu tikamadzalankhulana tonse pa foni. Achimwene a Elliot anagulitsa ng'ombe yawo kuti asonkhe nawo, ndiye adzakalipa. Akadzayamba, musadzandiikire kumbuyo monga mumachitira kuyambira ndili wamng'ono. Adzanene zonse, akuyenera. Inu mudzangokhalapo, pafupi ndi amayi, kuti foni ikadzaduka asadzatsale okha ndi nkhaniyi.

Mundiperekere moni kwa alamu, kwa ang'ono anu Ruth ndi Stellah, ndi kwa azakhali. Muzivala zotseka pakamwa popita kumsika, chonde. Ambuye akusungeni nonse mpaka tidzaonane ku manda a bambo.

Ndine mlongo wanu,
Enos