Pemphero la Telala pa Nkhani ya Bwalo

Lolemba, 4 Malichi

Zatsimikizika. Komiti ya chitukuko ikufuna kupereka bwalo la achinyamata kwa eni maminibasi, likhale siteji. Chigamulo Lachisanu la sabata ya mawa. Bungwe lathu limakumana pomwepo, kuseri kwa golo. Kwina tilibe.

Ana anga akwiya. Ndimati ana, ngakhale ena ndevu zili pepepe. Wailesi, mlembi wathu wosatseka pakamwa, akuti tikawotche matayala pamsewu. Monga mlangizi wawo, ndafotokoza modekha kuti utsi wa tayala salemba m'maminitsi a msonkhano. Mpando tili nawo m'komiti.

Vuto ndi amene anaukhalira. Woimira achinyamata: bambo a imvi, azidzukulu mbwee. Anasankhidwa ine ndili kupulayimale. Timawatcha a Chinyamata.

Lachitatu, 6 Malichi

Kwa a Chinyamata. Anandilandira bwino, n'kundionetsa mankhwala awo a maondo. Za bwalo akuti, "Ifeyo achinyamata tinavomereza kale." Ifeyo.

Komabe malamulo a komiti ndi omveka: munthu aliyense wa m'dera angalankhule, bola wapampando amuloze. Tipita tonse.

Loweruka, 9 Malichi

Maphunziro pabwalo. Kweza dzanja, dikira akuloze, imirira, yamba ndi "kudzera kwa wapampando", mfundo imodzi basi. Ndinafotokozanso kusiyana kwa ganizo ndi chigamulo, ndi kambiri kake pang'ono. Dzuwa linapendeka ndisanafike pakati. Telala, mtsikana wosoka zovala amene sindinamumvepo akupitirira pa "zikomo", anawodzera atatsamira golo.

Bambo akunyumba akuti ine munthu akandipempha madzi ndimayambira kumene mvula imachokera. Mwano. Koma ndinaseka.

Lachisanu, 15 Malichi



Tinalawirira kumsonkhano wa komiti, nsapato zili phuliphuli. Anatipatsa udindo nthawi yomweyo: kunyamula mipando ndi kugawa madzi. Malo athu, mabenchi akumbuyo. Nkhani ya bwalo itafika, manja onse m'mwamba, ndendende momwe ndinawaphunzitsira. Koma a Wapampando ali ndi nthenda yachilendo, maso awo amathera pamzere wachiwiri. Analoza mwini maminibasi. Analoza a Chinyamata, omwe anadzidzimuka kutulo n'kuvomereza. Ana anga akuchirikiza zigongono ndi dzanja linalo. Mmodzimmodzi anatsitsa manja. Wailesi anandiyang'ana. Ine ndinapeza chosangalatsa pansapato zanga.

A Wapampando akuti nthawi yatha, asayinirana ndi eni maminibasi akamwa tiyi. Tsono mwachizolowezi pemphero lotsekera amapatsa wachinyamata, kuti alendo aone kuti nafenso tinatengapo mbali. Anasankha wooneka wofatsa kuposa onse. Telala.

Anaimirira, anatsinzina. Anathokoza Mulungu chifukwa cha atsogoleri athu. Kenaka anayamba kumufotokozera Mulungu za bwalo, ngati Mulunguyo ndi mlendo m'dera. Kuti atsikana a netiboli asowa kolowera. Kuti anyamata akachoka pampira, chotsala ndi mowa. Kuti siteji yakale ilipo kuseri kwa msika, anaithawa chifukwa cha matope, ikungofuna miyala. Anapempherera maso a Wapampando kuti aziona mpaka kumbuyo. Anapemphereranso a Chinyamata: "Apumitseni Ambuye, atumikira unyamata mpaka maondo atha."

Pemphero angalidule ndani? A Wapampando anatsokomola. Anayesa kuponya "Ameni" pakati, Telala anamulambalala ngati chithaphwi. Ndinatsegula diso limodzi, Mulungu andikhululukire, ndipo ndinaona mlendo wochokera ku likulu mapewa akugwedezeka. Ameni wa kumabenchi athu anamveka mpaka kumsewu.

Sanasayine. Mlendo anafunsa chifukwa chimene za siteji yakale wazimvera m'pemphero osati pamsonkhano.

Loweruka, 16 Malichi

Ndawerenganso malamulo kuti ndione ngati talakwira penapake. Nthawi ya mafunso anaiikira malire. Ya pemphero anaiwala.

Ndinakamupeza Telala pamakina ake, kuti ndimufunse amene anamutuma. Akuti palibe. Osadzutsa n'komwe mutu: "Mayi, munati tidzere kwa wapampando. Atakana kutiona ndinangodzera kwa abwana awo."

Ndinayamba kumufotokozera kuti pemphero si chida cha ndale. Anandipatsa nsalu kuti ndimugwirire. Ndinagwira.

Lachinayi, 21 Malichi

Nkhani ya bwalo ikambidwanso Lolemba, ndipo achinyamata atatu akhala patebulo penipeni. Bwalo silinapulumuke, koma silinapite. A Chinyamata akuti anapemphereredwa mwachipongwe, ngakhale akuvomereza kuti maondo apezako bwino.

Ana asankhana okha, osandifunsa: Telala, Wailesi ndi kapitawo wa netiboli. Ndinafika ndi mfundo zanga zokonzakonza, ndinapeza atamaliza kale zawo. Zazifupi. Zabwino kuposa zanga, ndipo izi ndingovomerera muno mokha.

Wailesi anandigwira dzanja mwaulemu wonse. "Mayi, inu mudzakhale kumbuyo. Tikasowa chonena tidzacheuka."

Kumbuyo. Ine. Zinandilasa, ndisaname. Ndinayenda mpaka kunyumba ndikuseka ndekha ngati wozungulira mutu, maso atanyowa.

Ndisite diresi langa labuluu. Akacheuka adzandipeza. Koma mmene ndawaonera lero, sacheuka.