Mlendo M'khola la Bambo

Lolemba, 9 Juni

Kamwana kachitatu ka mbuzi kafanso m'mawa uno. Miyendo yakutsogolo yopindika ngati tinzake tiwiri tija, kanalephera ngakhale kuimirira kuti kayamwe. Alangizi a ziweto abwera, azungulira khola, kenako afunsa zaka za Nkhalamba, tonde wathu. Ndati zisanu ndi zitatu.

"Ndiye kuti akukwera ana ake ndi zidzukulu zomwe. Magazi atopa, bambo. Mum'thene, mukapeze tonde wakutali."

Zazikazi khumizi anatisiyira malemu bambo, ine ndi achemwali. Ndikuopa kuti zithera m'manja mwanga.

Lachinayi, 12 Juni

Ndapita kufamu imene alangizi anandilozera, kapepala m'thumba: mano, msana, miyendo, machende ofanana, ndiponso ndione bere la mayi ake. Mwini famu wandiseka poona ndikuwerenga. "Achimwene, mukusankha tonde kapena mkamwini?"

Ndasankha wofiirira, wa chifuwa chotakata. Ndamutcha Mlendo. Alangizi ati akhale yekha kumpanda wakuseri masiku makumi awiri ndi limodzi, chomwera madzi chakechake, asagundane mphuno ndi mbuzi iliyonse.

Achemwali pafoni: "Iwe umadziwa mabuku, mbuzi ayi. Uzimvera."

Loweruka, 14 Juni

Mlendo sakudya. Akungolira, maso ali kukhola. Bambo sankalola mbuzi kukhala yokha, ankati imaonda ndi maganizo ngati munthu. Ndikuwakumbukira atakhala pachidebe pafupi ndi mbuzi yodwala, akuyikanda kuseri kwa khutu mpaka itayamba kubzikula.

Ndamulowetsera Mawanga, yaikazi yaikulu kuposa zonse, imene bambo anailera ndi botolo. Posakhalitsa onse awiri anali pamasamba. Madzulo ndabweza Mawanga kukhola kwa anzake. Tsiku limodzi lokha, lingalakwe chiyani?

Lolemba, 16 Juni

Mlendo watsokomola katatu ndikumupatsa madzi. Mwina ndi fumbi.

Lachiwiri, 17 Juni

Si fumbi. Mamina m'mphuno zonse ziwiri, makutu akutentha, nthiti zikukwera ndi kutsika ngati wathamanga. Alangizi amuyeza, ati ndi chibayo, mwina anabwera nacho ndipo ulendo wachidzutsa. Amubaya jakisoni.

Akutsuka m'manja ati, "Mwayi wake ali yekha. Sanakumane ndi zinzake, eti?"

Ndati ayi. Pakamwa panangoyankha pokha. Atapita ndaima pakhomo pa khola nthawi yaitali, kumvetsera mpweya wa mbuzi khumi. Iliyonse ikayetsemula, ndimasuzumira kuti ndione kuti ndi iti.

Lachitatu, 18 Juni

Mawanga sanatuluke ndi anzake. Waima pakona, mutu pansi. Ndamupatsa masamba amene amawakonda, wangowanunkhiza.

Masiku anayi wakhala akumwera m'beseni limodzi ndi zinzake zisanu ndi zinayi, kugona nazo mothithikana. Ndawerenga masikuwo kangapo ngati achepa.

Ndaimbira alangizi, ndawauza zonse. Amvetsera mpaka ndamaliza. Kenako: "Mukanandiuza dzulo, ndikanamubaya dzulo. Muchotseni pompano. Beseni mutsuke ndi madzi otentha. Mukachoka kwa odwala, nsapato ndi malaya musinthe musanalowe kwa enawo."

Abwera masana, sanandikalipire. Bola akanakalipa.

Lachinayi, 19 Juni

Achemwali afika ndi basi yoyamba. Sanalowe n'komwe m'nyumba, chikwama anachisiya pakhonde. Agwada pafupi ndi Mawanga, dzanja pa nthiti zake.

"Unamupatsa mnzake chifukwa ankalira."

"Bambo ankatero, achemwali."

"Bambo ankatero ndi mbuzi zobadwira muno. Uyu ndi wobwera."

Anena zoona. Zaka zonsezi ndimayesa kuti ndinawaonetsetsa bambo. Kani ndinangotola chifundo chawo, zina zonse zinandidutsa.

Mlendo wayamba kudya. Ndikulephera kumuyang'ana, ngakhale iye sanalakwe kanthu.

Lachisanu, 20 Juni

Mawanga wafa dzuwa litangotuluka. Tamukwirira kutali ndi khola, dzenje lakuya monga anenera alangizi. Achemwali amuvula kachingwe ka m'khosi, aponyera momwemo.

Alangizi atisiyira choyezera kutentha kwa thupi. Zonse zisanu ndi zinayi tiziziyeza m'mawa uliwonse kwa sabata ziwiri. Nambala ikadutsa 40, tiimbe nthawi yomweyo.

Loweruka, 21 Juni

Ndinagwetsa choyezera kawiri. Achemwali anachitola n'kuchipukuta pansalu yawo. "Iwe gwira mbuzi. Kuwerenga lero ndi kwanga."

Imodziimodzi. Ine kupana khosi ndi mawondo, iwo kutchula nambala, ine kulemba kuseri kwa kapepala. Zisanu ndi zitatu zili bwino.

Yomaliza inali mwana wamkazi wa Mawanga, amene amagona atatsamira mayi ake. Ndinamva mtima wake ukugunda pamwendo panga. Achemwali anayang'ana choyezeracho nthawi yaitali, nachitembenuzira kudzuwa.

"39.9."

Sinadutse. Koma sitinaimasulire kwa zinzake. Taimanga pamthunzi payokha, ndipo achemwali atumiza uthenga kwawo kuti asawadikire sabata ino.